Mmene Mungatsogolere Zokambirana za Filimu Monga Akhristu

Akhristu akaonera filimu pamodzi, nthawi zambiri zokambirana zawo zimathera pa mafunso awiri: kodi munali mawu otukwana, ndipo kodi munali zithunzi zolaula? Mafunso amenewa ali ndi malo ake, makamaka pamene pali ana, koma amangokanda pamwamba. Filimu ikhoza kutha yonse popanda mawu oipa ngakhale amodzi, komabe n'kukhala itaphunzitsa oonera kuti chuma ndicho chizindikiro cha madalitso, kapena kuti kubwezera choipa n'chimodzimodzi ndi chilungamo. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso mafilimu amene amaonetsa tchimo poyera ndi cholinga chakuti woonera aone mmene limawonongera munthu, monga momwe Baibulo silibisira chigololo cha Davide ndi imfa ya Uriya. Choncho munthu wotsogolera zokambirana m'banja, pagulu la achinyamata kapena pakati pa anzake a mumpingo, ayenera kubwera ndi funso lozama kuposa awiri aja: kodi filimuyi ikufuna kuti mtima wanga ukonde chiyani, udane ndi chiyani, ndipo uike chiyembekezo chake mwa yani?

Ntchito imayamba gulu lisanakumane. Onerani filimuyo nokha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, muli ndi pepala ndi cholembera, ndipo muzilemba mphindi imene pachitika chinthu chimene mudzafune kubwererapo. Ine ndinanyalanyazapo langizo limeneli chifukwa mnzanga ananditsimikizira kuti filimu ina inali yabwino, ndipo patangotha mphindi 30 ndinapezeka ndikusakasaka rimoti mwaphuma, achinyamata ena akuseka, ena ataweramitsa mitu. Tsiku limenelo palibe amene anatolapo phunziro.

Zilembo zosonyeza msinkhu wa oonera, monga PG (makolo atsogolere ana poonera), PG-13 (makolo asamale kwambiri ndi ana osakwana zaka 13) ndi R (osakwana zaka 17 aonere ali ndi munthu wamkulu), zimathandiza, koma musazidalire kotheratu. Dongosolo limeneli ndi la ku United States, linayamba mu 1968, ndipo PG-13 inawonjezedwa mu 1984. Mayiko ena ali ndi zizindikiro zawozawo. Chimene zilembozi zimayeza ndi kuchuluka kwa chiwawa, zogonana, mankhwala osokoneza bongo ndi mawu otukwana, ndipo sizinena kanthu za uthenga wa nkhaniyo. N'chifukwa chake The Passion of the Christ ya mu 2004, imene anaitsogolera Mel Gibson, inapatsidwa R kaamba ka magazi ndi kukwapulidwa kwa Yesu, pamene filimu yotamanda dyera ndi kudzikonda ikhoza kudutsa ndi PG popanda vuto.

Ngati nthawi yokumana ili yochepa, aliyense aonere payekha pasadakhale, ndipo pokumanapo muonetse zigawo ziwiri kapena zitatu zazifupi zimene munalemba papepala paja.

Filimu ikangotha, musathamangire kutsegula vesi. Mukatero, anthu amazindikira msanga yankho limene mtsogoleri akufuna, ndipo amakupatsani lomwelo pamene zenizeni zatsala mumtima. Yambani ndi mafunso osavuta: chachitika n'chiyani m'nkhaniyi, ndi pati pamene pakukhudzani, ndipo ndi mtengambali uti amene munafuna kuti zimuyendere bwino? Mneneri Natani anatsata njira yomweyi pa 2 Samueli 12. Anayamba wakamba nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, anamulola Davide kupsa mtima ndi kugamula mlandu yekha, kenako ndi pamene anamuuza kuti munthu wolemerayo anali iye mwini. Akanayamba ndi chidzudzulo, mwina mfumu ikanadziteteza. Inunso lolani anthu anene zimene amva, ngakhale zitakhala zosayembekezeka, monga mtsikana wovomereza kuti anakonda mbava ya m'filimu kuposa wapolisi amene ankaithamangitsa. Yankho lotere ndi limene limatsegula zokambirana zenizeni.

Chotsatira, chimene atsogoleri ambiri amachidumpha, n'kuona mmene opanga filimu anakonzera maganizo a woonera. Tengani chitsanzo cha nkhani yodziwika bwino ya kubwezera. Kumayambiriro timaona mwamuna akusewera ndi mwana wake, kamera itayandikira nkhope zawo, dzuwa likuwala, kanyimbo kofatsa kakumveka chapansipansi. Kenako zigawenga zimapha mwanayo. Mdani wamkulu sitimuona ali ndi mayi ake kapena ana ake. Timangomuona mumdima, nkhope itaphimbika mbali imodzi, akulankhula zamwano. Ikafika nthawi yoti aphedwe, nyimbo imalira mokweza, chithunzi chimayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu amene Lamulungu anawerenga Aroma 12:19, pamene Paulo akuletsa kubwezera chifukwa kubwezera ndi kwa Ambuye, amapezeka akuomba m'manja. Bwezerani chigawo chimenecho mutatseka mawu, ndipo mufunse gulu ngati chikuonekabe chokoma monga poyamba. Kawirikawiri nyimbo ikachoka pamangotsala munthu akupha mnzake. Apa simukufuna kuchititsa manyazi amene anaomba m'manja, popeza ludzu lofuna chilungamo n'lochokera kwa Mulungu. Mukufuna kuti aone mmene ludzulo linapotozedwera.

Mukatha pamenepo, funsani filimuyo mafunso amene chikhulupiriro chachikhristu chimayankha. Malinga ndi nkhaniyi, kodi chalakwika m'dziko n'chiyani: umphawi, umbuli, anthu oipa ochepa chabe, kapena mtima wa munthu aliyense? Nanga chimene chikukonza zinthu n'chiyani: mfuti, ndalama, chikondi cha mwamuna ndi mkazi, kudzidalira, kapena kukhululukidwa? Tsopano ndi pamene Baibulo liyenera kutsegulidwa, kuti mayankho a filimu aikidwe pambali pa mayankho a Malemba, n'kuona pamene akugwirizana ndi pamene akusemphana.

Musadabwe kupeza choonadi m'filimu imene siinapangidwe ndi mpingo. Mu Les Misérables ya mu 2012, yochokera m'buku la Victor Hugo la mu 1862, Jean Valjean amaba ziwiya zasiliva za bishopu amene anamupatsa malo ogona. Apolisi atamugwira n'kumubweza, bishopuyo amawauza kuti ziwiyazo inali mphatso, n'kumuwonjezeranso zoikapo makandulo ziwiri. Gulu likhoza kukambirana za chisomo kwa ola lathunthu kuchokera pa kachigawo kameneka kokha, ndipo wina wochenjera adzafunsa ngati bishopuyo sananame, funso limene simuyenera kulithawa. Paulo ali ku Atene anagwiritsa ntchito mawu a alakatuli achigiriki polalikira, monga tikuwerengera pa Machitidwe 17:28, ndipo mu 1995 Vatican, likulu la Mpingo wa Katolika, inatulutsa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika, m'magulu atatu a chipembedzo, makhalidwe ndi luso, momwe munalinso mafilimu osakamba za chipembedzo n'komwe. Chenjezo langa pano n'lakuti musakakamize ngwazi iliyonse yofera anzake kuti ikhale chithunzi cha Khristu. Ngwazi zambiri za m'mafilimu zimafera abwenzi zitapha adani, pamene Aroma 5 akunena kuti Khristu anatifera tidakali ochimwa ndi adani, ndipo kusiyana kumeneko ndiko koyenera kukambirana.

Mafilimu a nkhani za m'Baibulo amafuna kusamala kwambiri, chifukwa oonera amawalandira osafunsa, ndipo chithunzi chimakhazikika m'mutu kuposa mawu owerenga. Werengani ndime yeniyeni ndi gulu, kenako mutchule pamodzi zimene zawonjezedwa ndi zimene zachotsedwa. Mu The Prince of Egypt ya mu 1998, amene amatola Mose mumtsinje ndi mkazi wa Farao, pamene Eksodo 2:5 akunena mwana wamkazi wa Farao. Mu The Passion of the Christ, Satana amaonekera m'munda wa Getsemane, chinthu chimene Mauthenga Abwino anayi sakutchula. Luka 22:43 akunena za mngelo amene anadza kudzamulimbikitsa Yesu. Kusintha kotere sikutanthauza kuti filimu yonse ndi yabodza, popeza wopanga filimu amayenera kudzaza mipata imene wolemba anaisiya. Funsani chifukwa chimene anasinthira, ndiponso ngati kusinthako kwangokometsera nkhani kapena kwasuntha tanthauzo lake.

Chimodzimodzinso ndi mafilimu a anthu enieni. Chariots of Fire ya mu 1981 imaonetsa Eric Liddell, Mkhristu wa ku Scotland amene anali katswiri wothamanga, akumva ali kale pa ulendo wa ku Paris kuti mpikisano wake wa mamita 100 pa masewera a Olympics a mu 1924 udzayamba Lamulungu, ndipo amakana kuthamanga. Zoona zake n'zakuti iye anadziwa zimenezi miyezi ingapo pasadakhale, nakonzekera mpikisano wa mamita 400, umene anapambana. Pambuyo pake anakatumikira monga mmishonale ku China, kumene anamwalira mu 1945 ali mumsasa wa akaidi wa asilikali a Japan. Kwa ine mbiri yeniyeniyo ndi yothandiza kuposa ya m'filimu, chifukwa ikuonetsa munthu amene anasunga chisankho chake kwa miyezi, ali ndi mpata wokwanira wosinthira maganizo.

Kusiyana maganizo kudzakhalapo, ndipo mtsogoleri akonzekere. Wina adzanena kuti Afilipi 4:8, pamene tikuuzidwa kulingalira zinthu zoona, zoyera ndi zokongola, sakumulola kuonera filimu ina iliyonse yokhala ndi chiwawa. Wina adzayankha ndi 1 Atesalonika 5:21, kuti tiyese zonse ndi kusunga chabwino. Aroma 14 akuphunzitsa kuti pa nkhani za chikumbumtima, wodziletsa asaweruze mnzake, ndipo womasuka asanyoze wodziletsayo. Izi sizikuphatikiza mafilimu olaula, amene cholinga chake n'kudzutsa chilakolako basi. Amenewo safunikanso mtsutso. Kumbukiraninso kuti m'gulu mungakhale munthu amene anachitidwapo nkhanza kapena amene waferedwa posachedwapa, choncho nenani pasadakhale ngati filimu ili ndi zigawo zopweteka, ndipo amene wasankha kutuluka panja asafunsidwe chifukwa chake pamaso pa anthu.

Potseka, pempherani pa zinthu zimene zatuluka m'zokambiranazo, mwina mtima wofuna kubwezera umene wina waulula, kapena m'bale amene wina akuvutika kumukhululukira. Kenako mupatse munthu wina mwayi wosankha filimu yotsatira, mutagwirizana naye kuti aionere yonse payekha ndipo abwere ndi mafunso atatu olembedwa papepala.