Momwe mungatetezere mapolo ku chiswe potengera nzeru za anthu a njanji

Mitengo yopingasa pansi pa njanji ija, masilipa (osati masilipasi a kubafa ayi), imakhala pa dothi zaka 20 kapena kuposa, mvula ikuyinyowetsa, sitima ikuyiponda, koma polo la mpanda wanu zaka ziwiri zokha chiswe chamaliza. Kale ku Zambia ankadula mukusi, mtengo wolimba mwachibadwa wopangira masilipa, ku Mulobezi n'kumatumiza pa njanji ku Livingstone. Ife tili ndi bulugama basi, ndiye tiyenera kuthira mankhwala.

Choyamba sankhani mtengo wowongoka, wokhwima, wopanda mphako kapena mfundo zikuluzikulu. Sendani makungwa onse tsiku lomwe mwadulalo, akauma amavuta.

Kenako umitsani, ndipo apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa chifukwa chothamanga. Mtengo wauwisi ndi wodzaza kale ndi madzi, mankhwala alowa pati? Sanjani mapolo pamthunzi, pamwamba pa njerwa, musiye mipata kuti mphepo izidutsa, akhale miyezi iwiri kapena itatu nthawi ya chilimwe. Bulugama amakonda kung'aluka kumapeto ndiye mangani waya molimba mbali zonse ziwiri, a njanji amakhomera kachitsulo.

Kudula, kusema, kubowola, zonsezi malizani musanathire mankhwala. Mukadula pambuyo mwatsegulira chiswe khomo, poti mankhwala amalowa gawo loyera la kunja lokha, mtima wa mtengo salowamo kwenikweni.

Tsopano mankhwala. A njanji amagwiritsa ntchito creosote, mafuta akuda onunkha ochokera ku phula la malasha, amalowetsa mitengo mu thanki yotseka, kutulutsamo mpweya wonse kenako kukankhira mafutawo ndi mphamvu. Inu thanki mulibe koma diramu ilipo. Imikani mapolo mu diramu, mafuta akwane gawo lonse lolowa pansi komanso masentimita 30 pamwamba pake, chifukwa polo limawola pomwe pakumana dothi ndi mpweya. Sonkhani moto pang'onopang'ono maola atatu kapena anayi, mafutawo atenthe koma asabwate, mchenga ukhale pafupi chifukwa zinthuzi zimayaka ndipo madzi sazimitsa. Zimitsani moto, mapolo agone momwemo mpaka mmawa. Akamazizira ndi pomwe amakoka mafuta. Gawo la pamwamba pakani ndi bulashi kawiri.

Oyilo wakutha wa galimoto amene timapaka uja amangodetsa kunja, ine ndinayesa pa khola la mbuzi ndipo nditagwedeza polo chaka chachitatu linangoduka pansi, mkati muli dothi lokhalokha.

Valani magolovesi ndi malaya aatali manja, creosote amawotcha khungu makamaka padzuwa. Ndipo zidutswa zotsala, kaya silipa lakale mwatola kunjanji, musaphikire nsima, utsi wake ndi poizoni, komanso musazikire m'mbali mwa bedi la ndiwo kapena kusemera chodyera ziweto.