Chisoso: kutchola, kufutsa ndi kusunga m'chikwatu

Kwathu ku Bembeke chisoso sitidzala. Mvula yoyamba ikangogwa chimamera chokha m'mizere ya chimanga, m'munda wa mbatatesi, ngakhale kuseri kwa khola la mbuzi komwe kumagwera manyowa. Ambiri amachipalira chonse. Ine ndimasiyako kamzere kamodzi m'malire a munda, ndipo kamzere kameneko kamandidyetsa dzinja lonse, n'kundisiyiranso mfutso wa m'chilimwe.

Muyambe mwachidziwa. Gwirani tsinde lake ndi zala, mumva kuti si lobulungira, lili ndi makona anayi. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, tsamba lililonse lili ndi timasamba titatu, pena tisanu, tamanomano m'mbali ngati sowo. Duwa lake ndi laling'ono, lachikasu pakati, timapiko toyera tochepa m'mbali, ndipo njuchi zimalikonda. Akatswiri a zomera amachitcha Bidens pilosa, cha banja limodzi ndi mpendadzuwa, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku America. Mawu akuti Bidens amatanthauza mano awiri. Manowo mwawaonapo pa chitenje chanu: njere zakuda, zowonda, zotalika ngati sentimita imodzi, kunsonga kwake timinga tiwiri mpaka tinayi tokola ngati mbedza. Ndi momwe chimayendera, pa masokosi a ana a sukulu ndi pa ubweya wa galu, n'kukamera kumunda wa eni.

Luso lonse lili pa nthawi yotchola. Chikafika ngati chikhatho kuchoka pansi, tsinani nsonga yokha ndi masamba anthete apamwamba. Osazula. Pomwe mwatsinapo pamaphuka nthambi ziwiri, ndipo sabata yamawa mukapezanso ndiwo. Mukachilekerera n'kuchita maluwa, masamba amalimba, fungo limakula, ana amangodya nsima ndi msuzi wokha. Kutsinako ndi komwe kumachedwetsa maluwa.

Komwe mukutchola nakonso n'kofunika. Cha m'mphepete mwa msewu wa M1, chofiira ndi fumbi ndi utsi wa malole, chisiyeni. Munda wa mnzanu mufunse kaye ngati sanapoperemo mankhwala opha udzu. Cha padzala, chonenepa chobiriwira bwino chija, ine sindichikhudza: chomerachi chimayamwa zitsulo zoipa monga cadmium m'nthaka, ndipo padzala ndi pomwe timataya mabatire akutha.

Kuphika chachiwisi sikuvuta. Tsukani, wiritsani m'madzi ochepa, thirani matimati, anyezi ndi mchere, kenako tenderani. Ofuna kuti fungo lichepe amasakaniza ndi nkhwani kapena bonongwe. Ena amataya madzi oyamba. Agogo anga akandiona ndikutero ankati, "Mwanawe, ukutaya ndiwo n'kusunga makoko." Kuyambira pamenepo ndimangochepetsa madzi, sinditayanso.

Mfutso ndi wa mu Malichi ndi Epulo, mvula ikayamba kudukiza. Wiritsani madzi ndi kamchere pang'ono mumphika waukulu. Ikani masamba pang'onopang'ono, osadzaza. Akangofota n'kusintha mtundu, achotseni. Mukadikira kuti apse, mudzayanika phala. Finyani mopepuka, mwazani pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala kuti nkhuku zisafike. Mwazani mopyapyala, mphasa izionekera pakati pa masamba, ndipo muzitembenuza masana. Pamthunzi pomwe pakupita mphepo ndi pabwino kuposa padzuwa loswa mtengo, masamba amatsala obiriwira osati akuda ngati fodya.

Kuno ku Dedza mdani ndi nkhungu. Chaka china ndinafulumira. Ndinagwira pamwamba, ndinamva kuuma, ndinakulunga madzulo omwewo kutagwa nkhungu yochokera kuphiri. Ndikumasula mu Ogasiti, m'kati monse munali chuku choyera, dengu lathunthu la ntchito n'kupita kudzala. Tsopano ndimatapa cha pakati pa mphasa n'kufinya m'dzanja. Chikalira ngati pepala n'kufumbutuka, chauma. Chikapindika, chiyanikidwenso mawa, koma usiku mphasa ilowe m'nyumba.

Chikwatu timapanga ndi masamba a msuku, omwe kuno sasowa. Tengani akuluakulu, yalani mosanjikiza m'dengu laling'ono, thirani mfutso pakati, kutirani pamwamba ndi masamba ena, mangani ndi luzi mopingasa mpaka chikhale chibulunga cholimba. Chipachikeni kudenga la khitchini, komwe utsi umafika koma malawi safika. Ndowa ya pulasitiki yotseka bwino imasunganso, ngakhale kwa ine mfutso wa m'ndowa sununkhira chimodzimodzi. Pophika, uviikeni kaye m'madzi ofunda, ndipo nsinjiro musaumire.

Kamzere kaja musakaiwale. Phesi limodzi limabala njere masauzande, ndipo zina zimagona m'nthaka zaka zingapo zisanamere. Siyani mapesi awiri kapena atatu okha kuti akhwime, ena onse zulani maluwa akadali achikasu. Ozulawo ndimapatsa akalulu, amadya mpaka tsinde. Amene achita kale njere zakuda musaponye pa mulu wa manyowa, apo ayi chaka chamawa mudzapalira chisoso m'bedi la kabichi.