Lekani kuumba njerwa pakati pa zithaphwi zouma

Chilimwe chino ndayenda m'midzi ingapo ya m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, mbali ya Zomba ndi Machinga, ndipo zimene ndaona zandipweteka mtima. Zithaphwi zimene zimasunga madzi m'dzinja zakumbidwa mpaka pansi. Anyamata ali ndi makasu ndi zikombole pakati penipeni, pamene pali makande akuda ong'ambikang'ambika, njerwa zandandalikidwa pambali kudikira uvuni. Ukawafunsa, onse akuyankha chimodzimodzi: "Alangizi, pano palibe kanthu, madzi anaphwa kalekale."

Kanthu kalipo. M'dothi limenelo muli nsomba.

Ndikunena tinsomba tija timaoneka m'zithaphwi mvula ikakhazikika, totalika ngati chala, tatimuna tofiira ta mamba onyezimira, tatikazi totuwa. Ambiri amatiyesa ana a matemba. Si matemba, si ana a makumba, ndipo ngakhale mutatisunga m'damu sitingakule kuposa pamenepo. Akatswiri amatiika m'gulu la Nothobranchius, m'banja la Nothobranchiidae, ndipo gululi lili ndi mitundu yoposa 70 muno mu Africa. Mtundu wa kuno ku Chilwa ndi ku Chiuta ndi Nothobranchius kirki, dzina limene katswiri wa nsomba Jubb anapereka mu 1969.

Moyo wake ndi wa dzinja limodzi basi. Kansomba kakaswa, kamakula msanga zedi moti pakangopita masabata ochepa kayamba kale kuikira. Mbale wake wa ku Mozambique ndi Zimbabwe, Nothobranchius furzeri, amatha kukhwima m'masabata awiri okha. Kakakazi kamaikira pafupifupi tsiku lililonse, mazira ochepa nthawi imodzi, n'kuwasiya m'matope a pansi pa chithaphwi. Madzi akaphwa, zazikulu zonse zimafa, ndipo mbalame zimatola. Chotsala ndi mazira okha, aang'ono ngati njere ya mawere, ali m'dothi la pamwamba. Kamwana ka m'dziramo kamaima kukula, kamagona chilimwe chonse, kudikira madzi. Saswa onse nthawi imodzi. Ena amakhala chigonere, kuti mvula yoyamba ikanamiza chithaphwi n'kuumanso, mbewu isathe yonse.

Ndiye taganizani chimene khasu likuchita. Dothi lija la pamwamba ndi limene mumayamba kupala, kuliponda, kulithira m'chikombole, kuliyanika padzuwa la Seputembala, kenako kuliotcha. Mwaotcha nkhokwe yonse ya mbewu. Nsomba za m'nyanja mukazitha pano, zina zimabwera kuchokera kwina. Izi ayi. Zithaphwi zambiri sizilumikizana ndi mtsinje, ndiye chithaphwi chikataya mazira ake palibe wodzachidzazanso.

Ndipo chimene mwasiya si chithaphwinso, ndi dzenje. Mvula ikagwa, maenje a njerwa amadzaza madzi odikha owombedwa ndi dzuwa, malo amene udzudzu wa malungo umakonda kuikira. Tinsombati timadya tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi, ndipo mphutsi za udzudzu tikazipeza sitizisiya. Sindikunena kuti tingathetse malungo m'mudzi, neti yanu muzigonamobe, koma n'chifukwa chiyani mukuchotsa wodya mphutsi n'kukumbiranso udzudzu poswera, kuseri kwa nyumba yanu yomwe? Ana aang'ono osewera m'mbali mwa maenje akuya amenewo sindikunena n'komwe.

Bambo wina wachikulire, amene munda wake wachita malire ndi dambo, anandiimitsa sabata yatha ndikufotokoza zimenezi. Anati: "Alangizi, musadzivute, timeneti timagwa ndi mvula. Ine ndakulira pano." Ndinawafunsa za chithaphwi cha kumunsi kwa munda wawo, chimene ana awo anakumba pomanga nyumba zaka zitatu zapitazo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati zoonadi kuyambira pamenepo adzukulu awo sanagwiremo kansomba kofiira ndi kamodzi komwe, mwangodzaza ambululu, pomwe cha mnzawo chapafupi, chosakumbidwa, chili nato chaka ndi chaka. Mtambo wake ndi womwewo, mvula yake ndi yomweyo. Nkhani yoti nsomba zimagwa kumwamba ndatopa nayo, chifukwa ndi imene imapatsa anthu mtima woti angakumbe mmene afunira, mvula idzabweza. Sibweza.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti dothi lake silabwino n'komwe pa njerwa. Makande amafufuma akanyowa, amakhwinyata akauma, n'chifukwa chake pansi pa chithaphwi pamakhala ming'alu yolowa dzanja. Njerwa ya makande okhaokha imachitanso zomwezo. Pitani mukawerenge zosweka pa mulu uliwonse wa m'dambomo. Mwataya thukuta, mwataya nkhuni, mwatayanso nsomba, chabe chifukwa pamenepo madzi opondera dothi ali pafupi ndipo makolo ankakumba pomwepo. Makolowo ankakumba kangati pa chaka, nanga nyumba za njerwa zootcha zinali zingati m'mudzi?

Wina anandiuza kuti zikatha tidzakatenga zina kunyanja ya Malawi. Zimenezo iwalani. Tinsomba tofanana nato ta m'zithaphwi za ku Salima tinkayesedwa mtundu womwewu kwa zaka zambiri, koma mu 2013 akatswiri anaonetsa kuti ndi mtundu wina, n'kuutcha Nothobranchius wattersi. Kuona ndi maso n'tofanana, koma si timodzi. Wa kuno ndi wa kuno, ndipo kusakaniza mitundu iwiriyi n'kuwonjezera vuto pa vuto linzake.

Chochita n'chachidule. Dothi la njerwa kakumbeni kumtunda, pa katondo kapena pa chulu, kutali ndi malo amene madzi amaima m'dzinja. Ngati mwayamba kale, imani pomwe mwafikapo, gawo lotsalalo musalikhudze, ndipo dothi la pamwamba limene munaunjika pambali libwezeni m'malo mwake mvula isanayambe. Maenje ena kwirirani. Musasonkhe moto pa chithaphwi chouma, musatsukiremo mpope wa mankhwala madzi akabwera, ndipo ana asakokemo ndi neti ya udzudzu. A mfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ayende ndi anthu mwezi uno, asonyeze zithaphwi zosayenera kukumbidwa, azikepo zikhomo Okutobala asanathe.