Mwapeza Banja ku Lusaka? Ukwati Paokha Sukupatsani Ufulu Wokhala m'Zambia

Mmalawi akafika ku Lusaka sachedwa kuiwala kuti ali kunja. Ku Soweto Market malonda amatsatsa m'Chinyanja, kondakitala wa minibasi ya ku Chawama amakuitana m'chilankhulo chomwe unayamwira, ndipo mayina ndi omwe aja: Phiri, Banda, Mwale, Tembo. Kumapeto kwa Ogasiti timakwera basi limodzi ndi eni dziko kupita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba, ndipo pamaso pa Kalonga Gawa Undi palibe amafunsa kuti uyu ndi wa ku Dedza kapena wa ku Chadiza. Ndiye ukapeza banja kuno, apongozi n'kukulandira ndi manja awiri, ana n'kubadwa, mtima umangokhala m'malo kuti basi, ndine wa konkuno.

Abale anga, boma la Zambia siliwerengera zimenezo. Ngakhale mutakhala ndi mwamuna kapena mkazi wa ku Zambia zaka makumi awiri, pamaso pa a imigireshoni mukadali mlendo mpaka mutapempha chilolezo ndi kupatsidwa. Chimandiwawa n'chakuti ambiri amazindikira izi pa tsiku loipa: uthenga wa maliro wabwera kuchokera ku Kasungu, munthu wathamangira ku Intercity, wayenda usiku wonse pa Great East Road, kukafika pa Mwami ofisala n'kutsegula pasipoti, n'kupeza kuti chidindo chomaliza n'cha zaka zinayi zapitazo.

Tiyambe ndi chidindo chimenecho. Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, izi n'zoona. Koma kulowa opanda viza sikutanthauza kukhala mpaka kalekale. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa miyezi 12, ndipo kawirikawiri pamalire amakupatsa masiku 30 kaye. Yang'anani bwino pa chidindo chanu: pali tsiku lomwe ofisala walemba ndi cholembera, ndipo tsiku limenelo ndiye malire anu, osati masiku omwe munamva kwa anzanu m'basi. Lisanakwane, pitani ku ofesi ya imigireshoni mukawonjezere masiku. Amene wabwera pa nkhani za bizinesi masiku ake ndi 30 okha pa chaka. Ena amayesa nzeru yomangotuluka pa Mwami n'kulowanso mwezi uliwonse, koma masiku 90 aja amawerengedwa pamodzi, ndiye nzeru imeneyi imatha pa miyezi itatu. Wopitirira masiku amalipitsidwa chindapusa, akhoza kutsekeredwa, kubwezedwa kumudzi, ngakhalenso kuletsedwa kulowanso m'dziko momwe muli mkazi wake ndi ana ake.

Njira yoyenera ilipo. Lamulo la imigireshoni la 2010 linakhazikitsa chilolezo cha anthu okwatira kapena kukwatiwa ndi nzika, chotchedwa Spouse Permit. Likulu la imigireshoni lili ku Kent Building, mumsewu wa Haile Selassie, koma masiku ano pempho limadzera pa intaneti, pa webusayiti ya nthambiyi. Amafuna kalata ya mwamuna kapena mkazi wanu yokupempherani chilolezo, kope la chitupa chake cha unzika, kope la pasipoti yanu, chithunzi, ndi mtchatho kapena kuti setifiketi ya ukwati. Makope akhale otsimikizidwa ndi chidindo cha woyenera kulumbiritsa. Mndandanda wonse ndi mtengo wake werengani pa webusayitiyo tsiku lomwe mukupempha, chifukwa ndalama zimasintha. Lipirani m'njira yomwe boma laika, mutenge risiti. Madobadoba aliponso kuno monga kwathu, ndipo amadziwa kuti munthu wamantha samafunsa risiti.

Chilolezochi chimayamba ndi zaka ziwiri, kenako mumakachiwonjezera. Mukachisunga bwino zaka zisanu mumakhala ndi mwayi wopempha Residence Permit, chilolezo chokhazikika. Ichi ndiye chifukwa ndimati musazengereze. Zaka zisanuzo siziyamba tsiku lomwe ankhoswe anakumana ayi, zimayamba tsiku lomwe chilolezo chatuluka. Pemphani masiku anu aulendo akadalipo, ndipo poyembekezera yankho musalole kuti athe.

Tsono nkhani yomwe imavuta kwambiri ndi ya mtchatho, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Kwathu lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, komanso limalola khoti kuzindikira anthu omwe akhalira limodzi zaka zisanu ngati banja. Ambiri timabwera ndi maganizo amenewo kuno. Ku Zambia kulowana sikusanduka ukwati, kaya mwakhala zaka zingati, kaya mwabereka ana angati. Chibwenzi chokhalira nyumba imodzi chilibe chilolezo chake ku imigireshoni. Ngati mukungokhala ku Kalingalinga kapena ku Matero popanda chilichonse cholembedwa, ntchito yanu yoyamba si ya ku Kent Building, ndi yokonza ukwatiwo.

Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi ukwati wa boma, womwe kuno ku Lusaka umalembetsedwa ku Civic Centre, mumsewu wa Independence. Mumapereka chidziwitso, chimakhomedwa masiku 21 kuti wotsutsa atsutse, kenako mumamangitsa pamaso pa mboni ziwiri. Ukwati umenewu ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndiye bambo amene anasiya mkazi ku Mzimba osasudzulana asaganize zodzera khomo limeneli. Ngati munadalitsa kutchalitchi, funsani abusa ngati pepala lomwe anakupatsani ndi la boma kapena la mpingo chabe, pakuti madalitso ena sapita m'kaundula wa boma. Njira yachiwiri ndi ukwati wa chikhalidwe, womwe ndi wovomerezeka ndithu ngati mwambo unatsatidwa: makolo anavomera, ankhoswe anayenda, malowolo kapena chiwongo chinaperekedwa monga mwa mtundu wa mkaziyo. Koma ofisala sangasunge mawu a ankhoswe m'faelo. Pitani ku Local Court pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akachitire umboni, mutenge setifiketi. Kutengera amalume kuchokera ku Mchinji n'kodula, ndikudziwa, koma chitani akadali moyo. Tsiku lomwe mudzafune umboni wawo kwambiri mwina adzakhala atatsikira kuli chete.

Amene munakwatirana ku Malawi, bwerani ndi setifiketi yeniyeni, osati chithunzi cha pafoni. Onetsetsaninso kuti mayina akufanana pa mapepala onse. Pasipoti ikati Chimwemwe, setifiketi n'kuti Chimwemwe Grace, chitupa n'kulemba dzina la bambo mosiyana ndi chilembo chimodzi, faelo ikhoza kuima miyezi. Zoterezi zimakonzedwa ndi kalata yolumbira musanatumize pempho.

Pa nkhani ya ntchito ndinene mwachidule. Musatenge chilolezo chokhala ngati chilolezo chogwira ntchito kapena kutsegula shopu. Werengani zomwe zalembedwa pa chilolezo chanu, ndipo musanayambe ntchito kapena geni funsani a imigireshoni kuti akuvomerezeni polemba. Bwana amene akunena kuti "zilibe kanthu, mkazi wanu ndi wa konkuno" sadzakhalapo tsiku lomwe adzakugwireni.

Pali chiyeso china chomwe tonse timachidziwa ngakhale sitimachitchula pagulu. Popeza chilankhulo ndi chimodzi ndipo abale ali mbali zonse za malire, munthu amauzidwa kuti bwanji osangopita kumudzi kwa apongozi ku Chipata kapena ku Lundazi, anyakwawa akachitire umboni kuti unabadwira konko, utenge reji yobiriwira, chitupa cha unzika cha kuno. Chonde musachite zimenezi. Reji yobiriwira ndi ya nzika za Zambia zokha. Mlendo wa m'maiko a Commonwealth, monga ife, amene ali ndi chilolezo amapatsidwa ya pinki. Kutenga yobiriwira mwachinyengo ndi mlandu, ndipo bodza lake silikalamba. Limadzatulukira pa mkangano wa munda, pa chisudzulo, kapena mlamu akakwiya n'kukanena. Pamenepo mumataya zonse, ndipo amene anakuchitirani umboni nayenso amalowa m'madzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chomwe anthu amafuna pobera chikupezeka poyera. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia atasinthidwa mu 2016 analola unzika wa maiko awiri, ndipo amati munthu amene wakhala pa ukwati ndi nzika zaka zosachepera zisanu akhoza kupempha ku Citizenship Board of Zambia kuti alembedwe ngati nzika. Ndi kupempha, osati kungolandira, ndipo bungwelo limaona mbiri yanu yonse. Kwathu nako Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018, kotero Mmalawi wobadwa nawo unzika sakuyenera kutaya dziko lake kuti atenge la mkazi kapena mwamuna wake. Musanalumbire kuno, kafunseni ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka za mapepala omwe boma lathu limafuna kuti likulembeni ngati nzika ya maiko awiri.

Ana nkhani yawo njopepukirapo. Mwana amene kholo lake limodzi ndi nzika ya Zambia, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, ndi nzika ya Zambia, ngakhale atabadwira ku Bwaila. Komabe khadi la kusikelo si setifiketi ya kubadwa. Mulembetseni mwana akadali wakhanda, dzina lanu lilembedwe monga liliri mu pasipoti. Mukamapita naye kumudzi muli nokha, tengani pasipoti yake, setifiketi ya kubadwa, ndi kalata yolumbira ya kholo linzanu yovomereza ulendowo. Maofisala a pamalire amafunsa chifukwa cha mchitidwe wozembetsa ana, ndipo akuchita bwino.

Za maulendo tsopano. Kuyambira Disembala 2022 chipata cha Mwami ndi Mchinji chinakhala cha malo amodzi, ndiye simuimanso kawiri monga kale. Kufulumira kwake kusakupusitseni kuti mudutse osadinditsa. Chidindo chotulukira ndi cholowera ndizo umboni wakuti mumakhala kuno mwalamulo, ndipo mudzazifuna powonjezera chilolezo. Njira za m'tchire za akabaza zisiyeni, ngakhale pa maliro. Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe mphamvu, ndipo yambani msanga kukonza yatsopano, pakuti tonse tikudziwa kuti kwathu pasipoti imatha kuchedwa. Yakale musataye, mbiri yanu ili m'menemo. Ngati mukupita kukakhalitsa ku Malawi, kaya kukadwazika matenda kaya kukalima, onani tsiku lomwe chilolezo chikutha, chisakathere kumudzi.

Kumbukiraninso kuti chilolezo cha Zambia sichisintha pasipoti yanu. Mukamapita dziko lachitatu, aliyense amaweruzidwa ndi pasipoti yake. Ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku 30, ndiye musawerengere masiku omwe adinda mu pasipoti ya mnzanuyo. Chimodzimodzi mkazi kapena mwamuna wanu akapita nanu ku Malawi, iyeyo ndiye amasanduka mlendo. Viza safunika, koma amayamba ndi masiku 30 omwe amawonjezeredwa ku imigireshoni ya kwathu, ndipo akafuna kukhazikika ayenera kupempha chilolezo chake. Musamusiye kumudzi kwa amayi miyezi isanu poganiza kuti ndi mtengwa wathu, palibe angamufunse.

Ndatsala ndi nkhani yowawa, koma kuibisa kungakhale kukulakwirani. Spouse Permit imatsamira pa ukwati, ndiye ukwati ukagwedezeka nacho chilolezo chimagwedezeka. Alipo amuna, ndi akazi omwe, amene amagwiritsa ntchito zimenezi ngati chikwapu: amabisa pasipoti, amakana kulemba kalata yowonjezera chilolezo, amaopseza kuti ukangolankhula ndikukaneneza. Alongo anga, pasipoti yanu sungani nokha, ndipo makope a mapepala onse akhale kwa munthu wina wodalirika ndi mu imelo yanu. Lamulo la 2011 lothana ndi nkhanza za m'banja limateteza aliyense amene ali m'Zambia, osati nzika zokha. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo Legal Aid Board ndi National Legal Aid Clinic for Women amathandiza osowa ndalama za loya. Kuopa imigireshoni kusakusungeni m'nyumba momwe mukumenyedwa.

Imfa ikalowa m'banja, mtchatho uja umagwiranso ntchito ina. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena omwe ankadalira malemuwo. Gawo la wotsalalo ndi la amene angaonetse kuti analidi pa ukwati. Namfedwa wachilendo wopanda pepala ndiye amathamangitsidwa msanga, achibale atagawana ndi mapoto omwe. Maliro akatha, musadikire kuti chilolezo chithe. Tengani setifiketi ya imfa, mtchatho ndi mapepala a ana, mupite ku imigireshoni mukafotokoze zomwe zachitika, akuuzeni chilolezo chomwe mungasinthire. Ngati ukwati unakwana zaka zisanu, funsaninso ku Citizenship Board, pakuti lamulo la 2016 limatchulanso amene anali pa ukwati ndi nzika, osati okhawo amene akadali pabanja.