Mukupita kumudzi pa Khirisimasi? Momwe mungakonzekerere galu wanu kukakhala ku kennel mu Harare

Disembala ikafika, mabasi a pa siteshoni ya Roadport mu Harare amadzaza ndi anthu opita ku Malawi, olowera pa malire a Nyamapanda, kudutsa ku Tete mpaka kukatulukira ku Mwanza kapena ku Dedza. Galu sakwera nawo basi. Kuti adutse malire awiriwo pamafunika zilolezo za ku Mozambique ndi za ku Malawi, kuphatikizapo chikalata cha dokotala wa ziweto wa boma, ndipo pa ulendo wa masabata awiri kapena atatu chimenecho ndi chintchito chosapindula. Kumusiyira neba kumatheka ngati galuyo ndi wofatsa. Koma galu wolondera pakhomo, amene amalola mwini wake yekha kulowa pageti, neba sangamuyandikire ngakhale atanyamula mbale ya nyama. Zikatere njira yotsala ndi kennel, malo olipira kumene amasunga agalu a anthu amene achokapo.

Ambiri amaganiza kuti kukonzekera ndi kulongedza chikwama usiku woti mawa ulendo. Chikwamacho n'chaching'ono. Ntchito yeniyeni imayamba kutatsala mwezi kapena kuposerapo.

Sungitsani malo msanga, ndipo kaoneni nokha

Nyengo ya Khirisimasi, Pasaka ndi tchuthi cha sukulu cha Ogasiti malo amatha msanga. Imbani mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Musakhutire ndi zithunzi za pa Facebook. Pitani mukaone, ndipo mphuno yanu ikuuzani zambiri musanafunse funso lililonse. Yang'anani ngati pansi pali simenti yotsukika, ngati khola lililonse lili ndi mthunzi ndi malo osalowa mvula, ngati mpanda uli wautali woti galu wodumpha sangauwoloke, ndiponso ngati madzi akumwa alipo ngakhale pamene mipope ya khonsolo yauma. Funsani kuti usiku amagona pamalopo ndani, agalu amatuluka kangati pa tsiku, komanso galu akadwala amapita naye kwa dokotala uti. Malo amene sakufunsani n'komwe za katemera wa galu wanu, tembenukani. Ndiye kuti agalu enawo sanawafunsenso.

Kabuku ka katemera

Apa m'pamene anthu ambiri amabwezedwera pageti. Lamulo la Zimbabwe limafuna kuti galu abayidwe katemera wa chiwewe, ndipo kennel yolongosoka imafuna kuona sitampa ndi tsiku lake m'kabuku, osati kumva mawu akuti "anabayidwa chaka chatha". Chiwewe zizindikiro zake zikangoyamba kuoneka sichichizika, kwa galu ngakhale kwa munthu, n'chifukwa chake pa nkhani iyi sanyengerera.

Wachiwiri ndi katemera wophatikiza amene madokotala amangomutchula kuti 5-in-1. Ameneyu amateteza ku matenda angapo, makamaka distemper ndi parvo. Parvo ndi uja amachititsa ana agalu kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo kachilombo kake kamakhala m'nthaka kwa miyezi yambiri. Mwana wagalu amene sanamalize majakisoni ake oyamba asapite ku kennel, mupezereni munthu pakhomo.

Wachitatu ndi wa chifuwa chopatsirana chimene chimafala agalu akaunjikana pamodzi, chodziwika ndi dzina loti kennel cough. Nthawi zambiri katemera ameneyu amamudontheza m'mphuno. Si kennel iliyonse imene imamufuna, koma ine ndingati mubayitseni basi, chifukwa galu wanu adzakhala akupuma mpweya umodzi ndi agalu ochokera mbali zonse za mzinda.

Chofunika kukumbukira n'chakuti katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo. Thupi limafuna pafupifupi masabata awiri kuti lipange chitetezo. Kubayitsa Lachisanu n'kukamusiya Loweruka ndi kungogula sitampa. Pitani kwa dokotala kutatsala masabata atatu kapena anayi. Ngati mulibe dokotala wanuwanu, a bungwe loteteza ziweto la SPCA ku Harare ndi chipatala cha ziweto cha University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ndi malo oyambirapo kufunsa. Mukatero jambulani masamba onse a kabukuko pa foni, chifukwa kabuku kamatayika.

Ngati galu wanu ndi wamkazi wosatseketsa, werengerani nthawi yake. Ambiri amafuna amuna kawiri pa chaka, kwa masabata pafupifupi atatu. Zikagwera mkati mwa ulendo wanu, auzeni a kennel pasadakhale. Ena amakana, ena amamupatula n'kuwonjezera mtengo.

Nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba

Kuyambira Novembala mpaka Marichi, mvula ikamagwa udzu n'kumera, nkhupakupa zimachuluka kwambiri, ndipo ma kennel ambiri ali m'mapuloti a kunja kwa tauni kumene udzu ndi wambiri. Nkhupakupa ndi zimene zimabweretsa biliary, matenda owononga magazi amene amapha galu m'masiku ochepa akachedwa kulandira thandizo. Mupatseni mankhwala opha nkhupakupa kutatsala masiku angapo. Piritsi la NexGard limateteza kwa mwezi umodzi, la Bravecto masabata 12, choncho sankhani molingana ndi kutalika kwa ulendo wanu komanso kulemera kwa galuyo. Mankhwala odipira ng'ombe musawayese pa galu popanda kufunsa dokotala. A njoka za m'mimba mupatseni sabata yomweyo.

Chakudya

Agalu ambiri a m'makomo mwathu ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku amadya nsima ndi msuzi wa mafupa kapena zotsala za patebulo. Ku kennel nthawi zambiri amapereka chakudya chouma cha m'matumba. Galu akasinthidwa chakudya mwadzidzidzi, pamwamba pa nkhawa ya malo achilendo, m'mimba mumatseguka, ndipo mudzabwera n'kupeza nthiti zikuwerengeka inu n'kumaimba mlandu antchito.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, funsani dzina la chakudya chimene amapereka, gulani kathumba kakang'ono, ndipo muyambe kusakaniza kunyumba kutatsala sabata imodzi. Masiku awiri oyamba ikani pang'ono, pakati pa sabata theka ndi theka, pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri azidya chatsopanocho chokhachokha. Yachiwiri, ngati amadya kale cha m'matumba, pitani nacho chake chomwecho, chotsekeredwa m'ndowa ya chivindikiro kuopa makoswe ndi chinyezi, pamodzi ndi kapu imene mumayezera. Onjezerani cha masiku atatu kapena anayi. Mzere wa pa Nyamapanda kumayambiriro kwa Januwale sulonjeza munthu tsiku lofika, ndipo kumudzi kukagwa zovuta simungawatsanzike achibale chifukwa cha galu.

Za m'chikwama

Musanyamule nyumba yonse. Bulangeti lakale limene amagonapo, chingwe choyendera, kolala yokhala ndi kachitsulo kolembedwa nambala yanu, ndi chidole chimodzi cholimba ngati ali nacho, basi. Ikanimo malaya anu akale amene mwagona nawo usiku, osachapa. Fungo lanu limamukhazika mtima pansi kuposa china chilichonse mungagule m'sitolo. Chilichonse chilembedwe dzina la galu ndi cholembera chosafufutika, ndipo musaike chinthu chimene mungadandaule chikang'ambika. Mbale ambiri amakhala nazo zawo, funsani kaye.

Bulangetilo lisiteni musanalilongedze. M'nyengo ya mvula kuli ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa ndi pa dothi lonunkha mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu n'kutupa ngati zithupsa. Simbi yotentha imapha mazirawo. Afunseni antchito kuti zogonera azizianika pachingwe padzuwa, osati pansi. Ngati ulendo wanu ndi wa Juni kapena Julayi, onjezerani bulangeti lachiwiri, popeza usiku wa ku Harare umazizira kwambiri pa simenti, makamaka kwa galu wokalamba kapena wa ubweya waufupi.

Unyolo wothina pakhosi usiyeni kunyumba, ungakodwe pa waya usiku. Mafupa a nkhuku ophika, chokoleti, ndi ndiwo zokhala ndi anyezi wambiri zisalowe m'chikwama ngati kamba wapanjira.

Mankhwala amene akumwa apite m'botolo lake lenileni la kwa dokotala, ndi malangizo olembedwa bwino: angati, nthawi yanji, asanadye kapena atadya.

Pepala limodzi lonena za galu wanu

Ichi ndiye chinthu chimene anthu amachiiwala, chikhalirecho n'chimene wantchito wa ku kennel adzachigwiritse ntchito tsiku lililonse. Lembani m'Chingerezi kapena m'Chishona kuti aliyense awerenge. Nenani zoona zokhazokha. Ngati amaluma akamadya, lembani. Ngati amadana ndi agalu amuna anzake, amakumba pansi pa mpanda, kapena amadziwa kutsegula loko wa geti ndi mphuno, lembani. Kubisa khalidwe lake poopa kuti akukanizani malo kumavulazitsa munthu wosalakwa. Ngati amaopa mabingu ndi makombola, nenaninso, chifukwa usiku wa pa 31 Disembala agalu ambiri amathawa kapena kudzivulaza pofuna kuboola waya. Ndipo ngati galuyo anakulira m'nyumba yolankhula Chichewa, lembani mawu amene amamva, monga "khala", "bwera" ndi "choka", kuti wantchito asamakuwe zimene galu sanazimvepo.

Pansi pake ikani manambala. Laini yanu ya Econet mwina sidzagwira mukakhala kumudzi ku Ntcheu kapena ku Mulanje, ndiye perekani nambala ya WhatsApp komanso ya munthu wotsala ku Harare amene mwamupatsa mphamvu yosankha m'malo mwanu. Gwirizanani ndi a kennel, molemba, ndalama zimene angawononge kwa dokotala popanda kudikira yankho lanu. Galu wa biliary sangadikire kuti mukwere chulu kukasaka netiweki.

Za malipiro funsani momveka: ndi za tsiku kapena za usiku, amalandira madola, ZiG (ndalama ya Zimbabwe) kapena EcoCash (kulipira pa foni), nanga mukachedwa kubwera amawerengera bwanji. Tengani lisiti. Funsaninso ngati amatsegula pa maholide a 22, 25 ndi 26 Disembala ndi pa 1 Januwale.

Tsiku lokamusiya

Kombi (minibasi) sidzakulolani kukwera ndi galu, konzani galimoto pasadakhale. Pitani m'mawa, makamaka tsiku limodzi musananyamuke, kuti ngati pali chosowa mukhale ndi nthawi yokonza, nayenso galu aone malowo kukuwala. Muyendetseni kaye, mupatseni chakudya chochepa kuti asasanze m'njira. Mukafika perekani chingwe kwa wantchito, nenani mawu awiri n'kumapita. Kulira ndi kubwererabwerera pageti kumangomuuza galu kuti pali choopsa.

Mukakamutenga

Musanachoke pamalopo mufufuzeni m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala ngati muli nkhupakupa, ndipo funsani momwe amadyera. Kunyumba mupatseni madzi pang'onopang'ono, chakudya chidikire maola awiri kapena atatu mtima ukhale kaye pansi. Kugona kwambiri kwa tsiku limodzi kapena awiri si vuto. Chifuwa chouma chokhala ngati watsamwa chingayambe ngakhale patapita masiku 14, ndipo chikayamba musamusakanize ndi agalu a aneba mpaka dokotala amuone. Koma mukaona kuti wafooka, wakana chakudya, nkhama zayera kapena zachita chikasu, kapena mkodzo wada ngati tiyi, pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo.