Musanamate DNA pa ma carbon nanotube, yambani mwachita izi

Anzanga amene mwangoyamba kumene za mu labu, ma carbon nanotube ndi timachubu ta kaboni tating'onoting'ono tomwe timatha kulowa mu selo titasenza DNA kapena siRNA (tizidutswa tatifupi ta RNA totseka jini kuti isagwire ntchito), nchifukwa chake anthu amatikonda, koma ine chimandiwawa ndikaona munthu akutsegula botolo la ufa wake ngati akutsegula la mchere.

Ufa umenewu osautsegulira poyera ayi. Ndi wopepuka, umauluka ngati mwaye ndipo ukalowa m'mapapo sutuluka msanga. Yezerani mu kabati yokhala ndi sefa ya HEPA (yotchinga tizinthu tating'onoting'ono ta mu mpweya), mutavala magolovesi a nitrile ndi masiki ya N95, kapena gulani tosakaniza kale m'madzi. Ukatayikira pa benchi osasesa, pukutani ndi kansalu konyowa. NIOSH, nthambi ya boma la America yoona za umoyo wa anthu pa ntchito, mu 2013 inati mu mpweya wa cubic mita imodzi musapitirire 1 microgram ya timachubuti pa maola 8 a ntchito, tangoganizani kuchepa kwake.

Ndiye pali nkhani ya kutalika, apa mpomwe pagona nkhani. Mu 2008 gulu la Ken Donaldson ku Edinburgh linabaya timachubu tatitali m'mimba mwa mbewa za mu labu, mkati munatupa ngati mmene asbestos amachitira, pomwe tatifupi ndi topiringizana sitinatero. Macrophage, selo lija limameza zinyalala m'thupi, likakumana ndi chinthu chachitali chouma limakanika kuchimeza, limangokhala kukamwa yasa kwinaku likulavula mankhwala otupitsa. Mtundu wina wa timachubuti wotchedwa MWCNT-7 a IARC, bungwe la WHO lofufuza za khansa, anauika mu gulu 2B mu 2014, kutanthauza kuti utha kuyambitsa khansa. Choncho sankhani tatifupi ndipo mudzionere nokha pa TEM (maikulosikopu ya ma electron), osangokhulupirira zolembedwa pa botolo.

Popanga timachubuti amagwiritsa ntchito chitsulo, nickel kapena cobalt, zotsalira zake zimapha maselo, tsukani ndi asidi kenako mutsukuluze mpaka pH ibwerere. Timachubu tosakutidwa timaundana m'madzi, tikuteni ndi mankhwala okutira a PEG kuti tisaundane kapena a PEI kuti DNA imate, koma PEI nayo ikachuluka imapha maselo, muiyese payokha.

Poyesa kuopsa kwa timachubuti musadalire MTT yokha chonde (mankhwala omwe maselo amoyo amawasandutsa utoto wotchedwa formazan), timachubuti timamatirira ku formazan, zotsatira nkumaoneka ngati maselo afa pomwe ali moyo. Pa mbale yoyesera siyani chibowo china cha timachubu chopanda maselo, muwerengenso maselo ndi trypan blue (utoto wolowa m'maselo akufa) kapena flow cytometry (makina owerenga maselo limodzilimodzi). Zotsala osathira mu sinki, tsekerani m'botolo mulembe dzina, zipite ku zinyalala zoopsa.