Mmene mungafufuzire za ntchito za tekinoloje ndi uinjiniya osapusitsidwa

Mukalemba pa Google kuti mukufuna ntchito za IT (za makompyuta) zolipira bwino, zobwera pamwamba nthawi zambiri zimakhala za anthu ogulitsa makosi, zina zolembedwa kuti Sponsored kutanthauza kuti alipira kuti zikhale pamenepo. Ndiye choyamba dzifunseni kuti walemba izi akudyapo chani. Sukulu yophunzitsa coding (kulemba mapulogalamu a kompyuta) miyezi itatu singakuuzeni kuti ongoyamba kumene amavutika kupeza ntchito, ingadziphere yokha bizinesi. Sikuti onse ndi atsizinamtole ayi, koma osangomeza.

Chachiwiri tulukani pa tsambalo. Osataya nthawi kuwerenga About us, palibe amadzinenera zoipa pakhomo pake. Tsegulani tabu ina, lembani dzina la sukuluyo kapena kampaniyo muonjezere mawu oti review (ndemanga) kapena scam (chinyengo), muone ena akuti chani.

Kenako onani deti. Zinthu za makompyuta zimakalamba msanga, Adobe Flash, pulogalamu yoonetsera makanema ndi magemu pa intaneti, inathetsedwa mu Disembala 2020 ndipo Python 2, mtundu wakale wa chilankhulo cholembera mapulogalamu, anasiya kuikonza mu Januwale chaka chomwecho, koma nkhani zolimbikitsa kuphunzira zimenezi zikadalipo pa intaneti mpaka pano. Nkhani yopanda deti ine ndimangoidutsa.

Za malipiro ndi pamene anthu ambiri amagwera. Mukaona nambala yaikulu funsani kuti ndi ya dziko liti, ndi ya munthu wa zaka zingati pa ntchito, komanso msonkho wachotsedwa kale kapena ayi. Occupational Outlook Handbook ya Bureau of Labor Statistics, nthambi ya boma la United States yosonkhanitsa manambala a za ntchito, imafotokoza bwino zimene injiniya wa magetsi kapena wopanga mapulogalamu amachita tsiku ndi tsiku ndi maphunziro ofunika, koma manambala ake ndi a ku United States basi, osawatenga ngati a dziko lonse lapansi. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa Stack Overflow, tsamba limene opanga mapulogalamu amafunsirana mafunso, nayenso ndi wothandiza kudziwa zilankhulo za programming zimene anthu akugwiritsa ntchito kungoti amayankha ndi okhawo amene afuna kuyankha, si opanga mapulogalamu onse.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onsewa, ma adivati a ntchito. Olemba anthu ntchito sakukugulitsani kosi, akungonena chimene akusowa. Pitani pa LinkedIn kapena pa masamba a makampani enieniwo, sonkhanitsani ma adivati 20 kapena 30 a ntchito imodzimodzi, tinene network engineer (wolumikiza makompyuta kuti azilankhulana), tengani pepala muzilemba luso lililonse limene latchulidwa nkumaika kamzere likabweranso. Pomaliza mupeza kuti mwina Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) ndi CCNA (satifiketi ya za manetiweki) zili ndi timizere tambirimbiri pomwe chija amakuuzani pa TikTok kuti ndicho tsogolo chili ndi kamodzi kapena zilo. Muonenso kusiyana kwa required (zofunika ndithu) ndi preferred (zongokondedwa), ambiri amathawa adivati chifukwa cha zinthu zomwe abwanawo angoti zikanakhalapo zikanakhala bwino. Ndipo adivati yokuuzani kuti mulipire kaye ndalama kuti akuitaneni ku intavyu, tsekani.

Ngati mtima uli pa uinjiniya weniweni, wa misewu, wa makina, wa magetsi, pali china choonjezera. Mayiko ambiri ali ndi bungwe lolembetsa mainjiniya ndipo digiri yosavomerezedwa ndi bungwelo itha kukusiyani pa msewu mutaphunzira zaka zinayi kapena zisanu. Fufuzani pa mndandanda wa bungwelo, osati pa kabuku ka yunivesite. Ofuna kudzagwira ntchito kunja aonenso ngati pulogalamuyo ili pansi pa Washington Accord, mgwirizano wa mu 1989 woti mabungwe a mayiko osiyanasiyana azizindikirana madigiri a uinjiniya.

ChatGPT ndi anzake, mapulogalamu a AI oyankha mafunso, mutha kuwafunsa kuti akufotokozereni mawu ovuta, koma akakupatsani nambala kapena dzina la bungwe katsimikizeni kwina, amatha kupeka zinthu mosaphethira.

Mukatha zonsezi pezani munthu amene akugwira ntchitoyo panopa, osati amene anasiya nkuyamba kuphunzitsa pa YouTube. Musamufunse kuti kodi ntchitoyi ndi yabwino, aliyense amati eya. Mufunseni kuti dzulo anachita chani kuyambira mmawa mpaka kuweruka, ndi mbali iti imamutopetsa, komanso ntchito yake yoyamba anaipeza bwanji. Akavomera mufunsenso ngati angakulozereni mnzake wina wa kampani ina kuti mumve mbali ziwiri.